Kalata Yotseguka kwa Bwanamkubwa wa Boma la Mangochi: Zinyalala Zosaola Zipatsidwe Kopita

Wolemekezeka Bwanamkubwa,

Ndayamba ndawomba m'manja ndi kugwada, monga achitira munthu wamba pofika pabwalo la akulu, ndipo ndikupempha kuti mundilole ndilankhule kufikira nditatsiriza, pakuti mlandu umene ndadza nawo si wa ine ndekha ayi, koma ndi wa asodzi ndi alovi awo, wa amayi oyanika usipa pathandala, wa oweta mbuzi, ndiponso wa ana amene amasamba m'madoko onse kuyambira ku Malembo ndi ku Msaka, kudzera ku Chembe, ku Monkey Bay ndi ku Makawa, kufikira ku Malindi ndi ku Makanjira kutsidya. Nkhaniyi tinayamba taikamba mwakachetechete monga mwambo ufunira: tinaikamba m'misonkhano ya m'midzi, tinaitula kwa otiyimirira, tinalembanso makalata. Koma popeza nyengo zasinthana ndipo yankho silinatipeze, ndiponso popeza akale anati mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndaona kuti n'koyenera kulemba poyera, osati kuti ndichititse munthu manyazi kapena kuloza chala ofesi ina iliyonse, koma kuti inu, amene m'manja mwanu mumakumana mafumu, makhansala, a zausodzi, a zaumoyo ndi a zachilengedwe, mumve ndi makutu anu chimene chikutisautsa.

Mawu anga onse akhoza kukwana m'chiganizo chimodzi, ngakhale ndidzawatambasula: anthu a m'mphepete mwa nyanja sakana kusesa, ndipo amisiri osandutsa chotayidwa kukhala chinthu chantchito tili nawo kale, chimene tilibe ndicho malo olandirira zinyalala zosaola, wozigula, ndi lamulo loyendetsa ntchitoyo, ndipo zitatu zonsezi zili m'mphamvu ya khonsolo.

1. Za chimene chadzaza magombe athu

Makolo athu anali ndi dzala kuseri kwa nyumba, ndipo dzalalo linali lokwanira, chifukwa zonse zimene ankataya, kaya ndi dengu lothyoka, kaya ndi mphasa yong'ambika, kaya ndi ukonde wolukidwa ndi luzi, zinkabwerera kudothi kumene zinachokera, kotero kuti patapita mvula ziwiri maungu ankayanga pamalo omwewo. Zimene timataya ife lero dothi likuzikana. Pali majumbo opyapyala amene amakulungiramo chipisi, kanyenya ndi nsomba. Pali timachubu ta mafuta ophikira oyeza ndi ta zakumwa zoziziritsa za ana. Pali mabotolo a madzi ndi a zakumwa, ndi timabotolo ta midoli timene tinachuluka boma litaletsa mowa wa m'masacheti. Pali mapepala onyezimira mkati a zokhwasulakhwasula ndi a sopo waufa. Pali matewera otaya, tsitsi logula limene latha ntchito, mapatapata oduka, zigubu zosweka, masikito ong'ambika, matayala, ndi mabatire a nyale zimene asodzi a usipa amawalitsa usiku m'malo mwa nyale za palafini za kale. Lipoti limene linatuluka m'chaka cha 2019 linayerekeza kuti dziko lathu limapanga matani 75,000 a pulasitiki pachaka, ndipo kuti magawo 80 mwa 100 alionse ndi ogwiritsa ntchito kamodzi n'kutaya.

Tsono pali chifukwa chimene Mangochi ayenera kudera nkhawa koposa maboma ena. Nyanja yonse ya Malawi, imene imalandira madzi a mitsinje yambiri ya maiko atatu, ili ndi khomo limodzi lokha lotulukira, ndilo mtsinje wa Shire, ndipo khomolo lili kwathu kuno. Jumbo lotayidwa mumtsinje wa Lilongwe likhoza kutsika ndi Linthipe n'kulowa m'nyanja ku Salima. Mphepo ya mpoto ikawomba, zoyandama zimakankhidwira kumagombe a kummwera. Zimene zapulumuka pamenepo zimadutsa pansi pa mlatho wa Bakili Muluzi, zimalowa m'nyanja ya Malombe, zimafika pa Kamuzu Barrage ku Liwonde, ndipo zina zimakathera pa zisefa za makina a magetsi ku Nkula pamodzi ndi namasupuni. Zimene zamira, zamira, pakuti madzi ambiri a nyanja yathu amachoka ndi dzuwa osati ndi mtsinje, ndipo dzuwa silinyamula botolo. Chotero boma lino, la anthu oposa 1.1 miliyoni monga mwa kalembera wa 2018, likusenza zinyalala zake pamodzi ndi za anzake.

2. Za kusesa kopanda kopita

Pamene Lazarus Chakwera, amene anali Pulezidenti nthawi imeneyo, anakhazikitsa tsiku losesa dziko lonse mu Novembala 2020, kuti Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse anthu azituluka ndi matsache, ambiri a ife tinakondwera, ndipo kufikira lero alipo achinyamata, magulu a amayi a m'mipingo ndi m'mizikiti, ndi eni malo ogona alendo amene amatola zinyalala m'magombe popanda wowalipira. Koma ndikupemphani, Bwana, kuti tsiku lina mudzatsalire anthu atabalalika, mudzaone chimene chimachitikira mulu umene aunjika. M'madoko ambiri mulibe galimoto yobwera kudzautenga, mulibe nyumba youlandira, mulibe munthu wougula. Motero mulu uja umayatsidwa moto pomwepo, kapena umakwiriridwa mumchenga mmene mafunde adzaufukula mvula ikadza, kapena umangosiyidwa kufikira mbuzi ndi mphepo zitaumwazanso. Ntchito yotere ili ngati kutunga madzi ndi dengu, ndipo munthu amene waigwira kangapo osaona phindu lake sayenera kunenedwa ulesi akaleka.

Moto umenewu si wabwino. Pulasitiki ikapsa pamoto wa pabwalo, umene sutentha mokwanira, imatulutsa utsi wa poizoni wolowa m'mapapo, ndipo mitundu ina, makamaka ya mapaipi ndi ya zokutira mawaya a magetsi, imatulutsa ziphe zimene zimatsalira m'phulusa ndi m'dothi kwa zaka zambiri. Utsiwo umadutsa pathandala pamene pali usipa wopita ku Limbe ndi ku Lilongwe, umalowa m'nyumba mmene mwagona makanda ndi nkhalamba zodwala mphumu. Ndipo popeza nkhuni zasowa ndi kukwera mtengo, amayi ambiri aphunzira kukolezera moto wophikira ndi jumbo, nkhope ili pafupi ndi mbaula. Sachita zimenezi chifukwa cha umbuli. Achita chifukwa chinthu chimene chilibe mtengo ndiponso chilibe kopita chimafunafuna ntchito yake chokha.

3. Za maukonde akufa

Apa ndipo pagona mtima wa dandaulo langa, ndipo mundikhululukire ndikachedwapo. Ukonde wa masiku ano ndi wa nayiloni, ndipo nayiloni saola. Matchera akakodwa pamwala n'kuduka, kapena mwera ukawakokolola usiku, mwini wake amalira masiku ochepa n'kukagula ena, koma ukonde uja sudziwa kuti mbuye wake wausiya: umapitiriza kugwira chambo, kampango ndi mbuna pansi pa madzi, nsombazo zimafa ndi kuola, fungo lake limaitana zina, nazonso zimakodwa, chaka ndi chaka, popanda mwana ngakhale mmodzi wodyako ndiwo. Oipitsitsa ndi maukonde aja a ulusi umodzi woonekera ngati wa mbedza, otchedwa monofilament, amene boma linaletsa. Pokhala otchipa ndi osachedwa kung'ambika, sasokedwa monga ankasokera makolo athu pamthunzi masana, koma amangotayidwa, ndipo amakola mapazi a ana, mapiko a mbalame za m'madzi ndi injini za maboti.

Ife a kuno tikudziwa tanthauzo la kutha kwa nsomba, chifukwa tinaona ndi maso athu chambo chikuzimirira m'nyanja ya Malombe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo chifukwa cha tsoka limenelo, m'chaka cha 1993 ku Malombe ndi kumtunda kwa Shire kunayambika makomiti a m'madoko, amene pambuyo pake lamulo la zausodzi la 1997 linawatsegulira njira m'dziko lonse. Makomiti amenewa, oti asodzi eni ake akhale alonda a madzi awo, anabadwira m'boma lino. Makomitiwa pamodzi ndi alangizi a zausodzi amalanda maukonde oletsedwa, ndipo achita bwino. Koma mathero a maukonde olandidwawo kawirikawiri ndi moto wa pagombe, kotero kuti choipa chimene tachichotsa m'madzi tikuchisamutsira mumpweya.

Pamene ife tikuwotcha, ena akugulitsa. M'chaka cha 2012, ku Philippines, bungwe la Zoological Society of London pamodzi ndi kampani yopanga makapeti ya Interface anayambitsa ntchito yotchedwa Net-Works, imene asodzi osauka ankatola maukonde otayidwa, kuwatsuka, kuwayeza pasikelo ndi kulandira ndalama, zimene ambiri ankazisunga m'magulu ofanana ndi banki m'khonde yathu. Maukondewo ankawapanikiza m'mitolo n'kuwatumiza ku Slovenia, kumene kampani ya Aquafil inkawasandutsa ulusi watsopano. Ntchito yomweyo inafika ku Cameroon, pa nyanja ya Ossa, imene ndi ya madzi opanda mchere monga yathu. Sindikunena kuti sitima yopita ku Ulaya ikudikira pa Monkey Bay, ayi. Ndikunena kuti nayiloni wa ukonde ndi chuma chimene chili ndi msika padziko lapansi, ndipo wogula aliyense, wakutali kapena wapafupi, amafunsa funso limodzi: muli ndi wochuluka bwanji, ndipo mwausonkhanitsa pati? Boma limene silinayambe kusonkhanitsa ndi kuyeza silingathe kuyankha funso limenelo. Ngakhale wogula wakunja asanapezeke, ukonde wakale umapotedwa kukhala zingwe, umalukidwa kukhala zikwama ndi zopondera pakhomo, umatchinga madimba ndi makola a nkhuku. Ndipo m'miyezi imene nyanja imatsekedwa kuti chambo chiswane, pamene alovi amakhala manja lende ndipo ena amayesedwa kukaba nsomba usiku, ntchito yovuula maukonde akufa ikhoza kuwapatsa ndalama ya ufa popanda kuphwanya lamulo.

4. Za amene akulipira mtengo wake

Amene amapindula ndi pulasitiki yotaya ali kutali, koma amene akulipira ali pafupi. Funsani opha mbuzi m'misika yathu chimene amapeza akang'amba chifu. Kafukufuku wina ku Mponela anapeza kuti pafupifupi ziweto 40 mwa 100 zilizonse zophedwa zinali ndi pulasitiki m'mimba. Mbuzi yotere imadya koma sinenepa, imaonda kufikira kufa, ndipo kwa mayi wamasiye wa kwa Chimwala kapena kwa Nankumba mbuzi imeneyo ndiyo inali fizi ya mwana wa ku sekondale.

Funsaninso a zaumoyo. Jumbo ndi botolo zikatseka ngalande, madzi oipa amaima pakati pa nyumba. Thewera lotayidwa pagombe limanyamula chimbudzi cha mwana kupita nacho m'madzi omwe anthu amamwa, kutsukira mbale ndi kutsukira nsomba. Mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndipo sunaonekepo wotere m'mbiri yathu, unakantha Mangochi koposa maboma ambiri, ndipo midzi ya asodzi inaika maliro ochuluka. Sindikuti zinyalala zokha ndizo zinabweretsa mliriwo, pakuti kusowa kwa zimbudzi ndi madzi abwino kunali patsogolo. Koma ngalande yotsekeka ndi bwenzi la nthenda iliyonse ya m'mimba, ndipo chigubu chosweka chosunga madzi a mvula ndi nyumba ya udzudzu. Pamene nyanja inakwera m'chaka cha 2024 kufika pamene sinafikepo kwa zaka zoposa makumi anayi, inafukula maenje onse amene tinakwiriramo zinyalala m'mphepete mwake, n'kutibwezera pakhomo zimene tinkayesa kuti tabisa.

Za alendo ndingonena mwachidule. Paki ya Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linailemba m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi mu 1984 chifukwa cha mitundu mazanamazana ya nsomba zosapezeka kwina kulikonse, ili m'boma lanu. Ndipo mnyamata wa ku Chembe amene amadya chifukwa choyendetsa alendo pa boti amadziwa bwino chimene mlendo amanena akaona thewera likuyandama pakati pa mbuna.

5. Za lamulo limene lilipo kale

Malamulo a 2015 analetsa kupanga, kuitanitsa ndi kugulitsa mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60. Eni mafakitale anathamangira kukhoti, ndipo mlanduwo unayenda zaka. Pa 31 Julaye 2019 khoti lalikulu la apilo linagamula kuti chiletsocho n'choyenera, ndipo mayi wa dziko lino, Gloria Majiga-Kamoto, analandira mphoto ya Goldman mu 2021 chifukwa cha kulimbikira kwake pankhondo imeneyi. Ziletso zina za kukhoti zinatsatirabe kufikira kumayambiriro kwa 2025, pamene bwalo la milandu linatsegulanso njira kuti bungwe loteteza chilengedwe la MEPA ligwire ntchito yake. Ndatchula izi chifukwa sindifuna kuti wina adzawerenge kalata ino n'kunena kuti, popeza pulasitiki ikhoza kusandutsidwa njerwa, ilekeni ichuluke. Jumbo lopyapyala, lodzola mafuta a chipisi ndi lodzaza mchenga, ndilo lovuta koposa kulikonzanso, ndipo mankhwala ake enieni ndi kusalipanga. Chimene ndikupempha n'chakuti polondola lamuloli m'misika yathu, dzanja lilemere pa wopikulitsa amene amabweretsa mabelo, osati pa mayi wogulitsa tomato amene wagula mpukutu umodzi. Ndipo mayiyo asonyezedwe chogwiritsa ntchito m'malo mwake, pakuti madengu a mlaza ndi zikwama za nsalu zimalukidwa ndi kusokedwa konkuno.

6. Za luso limene likugona pabwalo

Anthu ena amalankhula za kukonzanso zinyalala ngati nzeru yodzera pandege, koma aliyense amene wayendapo kuseri kwa msika wa Mangochi kapena wa Namwera wamva kulira kwa nyundo za amisiri amene amasula mbaula, ndowa ndi zothirira mbewu kuchokera ku malata ndi migolo yakale, amene kale ankapanga koloboyi ndi chitini chotayidwa, amene amasungunula zitsulo za aluminiyamu n'kuumba miphika. Tayala lotha limasanduka nsapato, chubu chake chimasanduka malegeni omangira katundu pa kabaza, patapata woduka amadulidwa kukhala choyandamitsa ukonde, botolo la madzi limabwerera kumsika litadzaza thobwa, ndipo mwana aliyense wa m'mudzi amadziwa kukulunga mpira wachikulunga. Ku Chembe, bungwe la HEEED linaphunzitsa anthu kuumba makala a mapepala ndi zinyalala za zomera kuti mitengo ya m'paki ipume, ndipo ku Blantyre bungwe la PAMET lakhala likupanga mapepala atsopano kuchokera ku akale. Ngakhale m'Malembo Oyera timawerenga kuti pa gombe la nyanja ina, khamu litadya ndi kukhuta, Ambuye analamula kuti makombo atoledwe, ndipo anadzaza mitanga khumi ndi iwiri. Abale athu Achisilamu, amene ndi ochuluka m'boma lino, nawonso amaphunzitsidwa kuti kusakaza ndi tchimo ndipo ukhondo ndi mbali ya chikhulupiriro. Mtima wosataya chinthu tili nawo.

Chimene chawagonjetsa amisiri athu ndi mtundu watsopano wa zinyalala umene nyundo ndi lumo sizingauthe. Botolo la pulasitiki n'lopepuka, kotero kuti lole yodzaza mabotolo osaphwanya imanyamula mphepo yokhayokha, ndipo mtengo wake sungalipire mafuta a ulendo wa ku Blantyre kumene kuli mafakitale. Koma mabotolo omwewo akasankhidwa, kutsukidwa ndi kupanikizidwa ndi makina kukhala mabelo olemera, ulendowo umayamba kupindula. Majumbo ndi zigubu zosweka, zikagayidwa ndi kusungunulidwa mosamala pamodzi ndi mchenga, zimaumbika kukhala njerwa zoyala pansi; ku Nairobi mayi wina wachitsikana, Nzambi Matee, anakhazikitsa kampani ya Gjenge Makers yochita zimenezi, ndipo bungwe la United Nations loona zachilengedwe linamulemekeza mu 2020. Ku Lamu, m'dziko lomwelo la Kenya, mmisiri wokhoma zombo Ali Skanda ndi anzake anamanga chombo cha thanga chotchedwa Flipflopi ndi pulasitiki yotoledwa m'magombe, n'kuchikuta ndi mapatapata otayidwa; chinayenda kuchokera ku Lamu kufika ku Zanzibar kumayambiriro kwa 2019, ndipo mu 2021 chinayenda pa nyanja ya Victoria. Ife amene mitengo ikuluikulu yosemera mabwato yatithera, ndipo tili ndi amisiri okhoma maboti m'madoko athu ndi sukulu ya zausodzi ku Mpwepwe, nkhani imeneyi tiyenera kuimva ndi makutu awiri.

Koma ndichenjeze pano, chifukwa ndaona achinyamata a mtima wabwino akusungunula pulasitiki mumgolo pamoto wa nkhuni, opanda chotchinga kumphuno: kutero ndi kugula njerwa ndi mapapo. Ntchitoyi ifuna makina otentha mwa muyezo, nyumba yopita mphepo, ndi munthu wophunzitsidwa kusiyanitsa pulasitiki yosungunulika bwino ndi ya poizoni. Ndipo zilipo zina, monga mabatire, matewera ndi zotsala za kuchipatala, zimene siziyenera kufika m'manja mwa mmisiri konse, koma zisungidwe padera ndi kutayidwa monga akatswiri alangizira. N'chifukwa chake nkhaniyi siingasiyidwe kwa anthu ongodzipereka okha. Ifuna dzanja la boma.

Mapempho athu

Popeza akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndikutula pamapazi anu mapempho awa, amene ndawasankha chifukwa sadikira lamulo latsopano la ku Nyumba ya Malamulo.

Loyamba: khonsolo, mogwirizana ndi khonsolo ya tauni ya Mangochi ndi mafumu aakulu Mponda, Nankumba ndi Makanjira, ipatule malo atatu, pa Boma, ku Monkey Bay ndi kutsidya la kum'mawa, pamene padzamangidwe shedi ya mpanda yolandirira, kusankhira ndi kuyezera zinyalala zosaola. Malowo akhale pamtunda pamene nyanja siifika ikakwera, ndipo pa amodzi mwa iwo, pamene pali magetsi, paikidwe makina opanikizira mabelo ndi ogayira pulasitiki.

Lachiwiri: kuwotcha maukonde olandidwa kuleke. Maukondewo adulidwe pamaso pa anthu kuti asabwererenso m'madzi, ayezedwe, alembedwe m'buku, ndipo asungidwe kushedi. Makomiti a m'madoko apatsidwe udindo wolandira maukonde otha ntchito, ndipo msodzi wobweretsa ukonde wake wakufa, ngakhale uli wa mtundu woletsedwa, alandiridwe popanda chindapusa m'nyengo imene mudzalengeze, pakuti munthu amene akuopa kumangidwa adzautaya pakati pa nyanja.

Lachitatu, limene ndiliyesa lalikulu koposa onse: khonsolo ikhale wogula woyamba. Mmisiri sangakongole ndalama ya makina ngati sadziwa amene adzagule katundu wake. Chaka ndi chaka khonsolo imayala pansi m'misika ndi m'madepoti, imagula mabenchi, mizati ya mipanda ndi zotayamo zinyalala. Mulembedwe m'ndondomeko yanu ya zogula kuti gawo lina la zinthu zimenezi lizichokera kwa amisiri a m'boma lino amene apanga ndi zotayidwa, malinga katunduyo ayesedwe ndi a bungwe loona za miyezo n'kupezeka wolimba. Njerwa zoterezi ziyalidwe kumtunda, osati pagombe pamene zikaperepeseka tizidutswa take tidzalowa m'madzi.

Lachinayi: pogwiritsa ntchito mphamvu yopanga malamulo aang'ono imene lamulo la maboma aang'ono la 1998 limapereka kwa makhonsolo, mukhazikitse kuti opikulitsa zakumwa za m'mabotolo a pulasitiki, ogulitsa maukonde, malo ogona alendo ndi okonza zisangalalo za pagombe azibweza zotsala za malonda awo kushedi kapena azilipira kanthu koyendetsera ntchitoyo. Botolo la galasi la zakumwa silipezeka m'ngalande chifukwa lili ndi mtengo pobweza. Lole imene yabwera yodzaza zakumwa isabwerere ku Blantyre yopanda kanthu pamene mabotolo ake atsala m'madoko athu. Ndalama zimenezi, pamodzi ndi gawo la msonkho wa m'misika, zikhale ndi thumba lake, ndipo chiwerengero chake chizimatidwa pa bolodi kuti aliyense aziwerenga.

Lachisanu: anthu amene kale amatola mabotolo ndi zitsulo, amene ambiri ndi amayi osauka ndi anyamata osowa ntchito, alembedwe m'kaundula, apatsidwe magolovesi ndi majombo, ndipo azilipidwa pa kilogalamu pa mtengo wodziwika. Ntchitoyi ikadzayamba kupindula asadzakankhidwire kunja ndi anthu a ndalama. Ana asaloledwe kugwira ntchito imeneyi nthawi ya sukulu. Mupemphenso a bungwe la maphunziro a ntchito zamanja la TEVETA kuti aike maphunziro a luso limeneli pafupi ndi ife.

Lachisanu ndi chimodzi: mabatire a nyale za asodzi akhale ndi mgolo wake wotsekeka pa doko lililonse lalikulu, ndipo a zaumoyo ndi a MEPA atiuze poyera kumene adzapita.

Gawo 13 la malamulo aakulu a dziko lino limalamula boma kusamala chilengedwe ndi kukumbukira ufulu wa mibadwo imene ikudza, ndipo lamulo la zachilengedwe la 2017 limapatsa munthu aliyense ufulu wokhala pamalo aukhondo. Potero sindikupempha chachilendo. Ndikudziwa kuti thumba la khonsolo ndi laling'ono ndipo zolira ndi zambiri. N'chifukwa chake pempho lachiwiri, lachitatu ndi lachinayi safuna ndalama yochuluka koma chisankho, ndipo abwenzi a chitukuko amene akugwira kale ntchito za usodzi ndi zokopa alendo m'boma lino sadzavuta kuthandiza pa makina akadzaona kuti malo aperekedwa ndipo msika walonjezedwa.

Ndikupempha kuti nkhaniyi ilembedwe pa mndandanda wa zokambirana za msonkhano wa khonsolo yonse umene ukudzawu, kuti nthumwi za makomiti a m'madoko, za amisiri a m'misika ndi za otola zinyalala ziitanidwe kudzalankhula zokha, ndipo kuti yankho lanu pa pempho lililonse, lovomera kapena lokana pamodzi ndi zifukwa zake, liwerengedwe pa wailesi za m'dera lino m'Chichewa ndi m'Chiyao mvula yoyamba isanagwe.

Ndine wanu wokulemekezani,

Mdzukulu wa asodzi,
wa m'mphepete mwa nyanja, m'boma la Mangochi.